Tinkamwa Mofanana

Ku Kanyama ankatiseka kuti ndife mapasa. Amuna anzanga Lamlungu masana ankathawira kokamwa mowa ku thaveni, koma ine ndinkatulutsa timipando tiwiri pakhomo, n'kukhala ndi mkazi wanga. Kachasu tinkagula kwa mayi wina kuseri kwa msika, ndipo wothira ndinali ine. Ndinkaika makapu awiri pamodzi n'kuwerama kuti ndione ngati afanana.

"Imwe, osaninyenga," ankatero iye. "Yanu yapitilila."

Ndinkamuonjezera, tikuseka. Mvula ikadzaza m'njira zathu tinkakweza mapazi panjerwa n'kumaonerera anthu akudumpha zithaphwi atanyamula nsapato m'manja. Ndinkadzitama kuti ndine mwamuna wachilungamo, wosamana mkazi. Masiku amenewo ndimawasowa, sindibisa.

Patapita zaka, maso a mkazi wanga anasanduka achikasu, mimba n'kutupa. Ine ndinali bwinobwino, ndikunyamulabe matumba a simenti. Alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, atafika kuchokera ku Matero sanakhale n'komwe pansi.

"Mumadya vimozi, mumamwa vimozi. Nanga ni chani adwala yeka? Munamuikila chani?"

Nkhani inafalikira komboni yonse. Azimayi apampopi anasiya kundiyankha moni. Ndinapsa mtima, ndipo kuchipatala ndinafunsa adokotala mokweza, alamu ali pomwepo, kuti anene ngati ndinamudyetsa poizoni.

Adokotala anati ayi. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti malangizo amene thupi limabadwa nawo sagwira ntchito mofanana mwa mwamuna ndi mwa mkazi. Chiwindi, chimene chimasefa zoipa m'magazi, chimatha kuwonongeka msanga mwa mkazi ngakhale mowa wake utakhala wofanana ndi wa mwamuna. Anati muyezo umene thupi langa linkapirira, kwa iye unali wochuluka.

Alamu anazyolika. Ine ndinayembekezera kumva kukoma kwa kupambana mlandu, koma ndinangokumbukira makapu awiri aja.

Nditamuuza, mkazi wanga anamwetulira pabedi paja. "Kansi munali kuninyenga zoona," anatero ndi mawu otsika.

Anatisiya mvula isanayambe. Titachoka kumanda, alamu anandigwadira pamaso pa anthu onse n'kupepesa kuti anandinamizira. Anthu ankadikira kuti ndinene kuti palibe kanthu. Ine ndinangowadzutsa alamuwo ndi manja onse awiri. Mumtima ndinkaona kuti funso lawo lija silinali lolakwa kwenikweni.