Andireya Daka ndi Magolovesi Asanu ndi Awiri

Andireya Daka ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, ndipo amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi sukulu ina ya pulayimale ku Nabvutika, kuno ku Chipata. Ine ndine Jesca. Ndimagulitsa zitumbuwa ndi chinangwa chokazinga m'mbali mwa mpanda wa sukulu yomweyo. Tebulo langa layang'ana ku bwalo la masewero, choncho zimene ndinene panozi ndinaziona ndi maso angawa.

Ntchito ya njinga amaidziwa, palibe angatsutse. Anyamata onyamula anthu pa njinga amachoka kutali kumutsata chifukwa gudumu akaliwongola limakhala lawongokadi. Koma mukafunsa anthu a m'komboni kuti Andireya ndi uti, za njinga satchula. Amati, "Uja wa mpira wa azungu," ena n'kuwonjezerapo kaseko. Mpirawo dzina lake ndi besibo, ndipo iye sanauphunzire kwa mzungu ayi, anauphunzira kwa mnyamata wa ku Japan. Ndi kampira kolimba ngati bango laliwisi. Wina amakamenya ndi chibonga, a timu inayo amakagwira ndi golovesi lalikulu lachikopa n'kukaponya msanga kwa mnzawo. Malamulo enawo musandifunse, wandifotokozera kambirimbiri koma sizinalowe.

Tinakulira limodzi ku Chiparamba, kwa alimi a mtedza ndi thonje. Andireya anali mwana wofatsa mpaka kutopetsa. Anzake akamakankhana pa mpira wamiyendo, iye ankaima kuseri kwa golo kudikira mpira wotuluka kuti akatole. Ali giledi eyiti, kusukulu kwawo kunabwera mphunzitsi wa ku Japan uja ndi chikwama cha magolovesi. Ana anathamangirako poyamba, monga achitira ndi chilichonse chachilendo, kenaka anayamba kuthothoka mmodzimmodzi. Nyengo yokumba mtedza itafika anatsala anayi. Patatha zaka ziwiri, tsiku lotsanzikana, pabwalo panafika Andireya yekha. Awiriwo anaponyerana mpira mpaka dzuwa kupendeka, kenaka mlendoyo anamusiyira chikwama chonse n'kumuuza kuti adzaphunzitse ena. Munali magolovesi asanu ndi awiri, mipira ingapo ndi chibonga chimodzi.

Zaka zoposa makumi awiri zadutsa, ndipo chichokere mlendo uja Andireya sanapezenso munthu woponyerana naye. Ndicho chinthu chimodzi chimene wakhala akuchifuna, ndipo sindikukokomeza. Za timu ya dziko kapena ulendo wa ku Lusaka sanalotepo. Amangofuna kuti iye aponye, wina agwire, abweze, iye agwire, basi.

Anakwatira Yosefina, mkazi wakhama amene sindinamupeze chifukwa. Yosefina ankandidandaulira kuti, "Asuweni anuwa samwa, samenya, koma ukamayankhula nawo umangoona kuti munthu palibe." Loweruka masana anzake akupita ndi akazi awo ku mapemphero a mphakati, iye amakhala pakhonde kupaka magolovesi mafuta a ng'ombe kuti chikopa chisaume. Zingwe zikaduka ankasoka ndi ulusi wa m'matayala akutha. Anabereka mwana mmodzi, Gift, ndipo Andireya ankamuyeza chikhatho kawirikawiri kudikira kuti chikule. Ukwati unatha mwana ali ndi zaka zinayi. Yosefina anabwerera kwawo kutsidya kwa Mwami, ku Malawi, ndi mwana yemwe. Gift pano ndi mnyamata wamkulu, ndipo ndimamva kuti amagwira pagolo.

Chaka chatha aphunzitsi aakulu a pasukulu paja anamulola kuti Lachiwiri ndi Lachinayi masana azigwiritsa ntchito ngodya ya bwalo, kumene kuli chulu, kumene a mpira wamiyendo safunako. Andireya anasesa malowo ndi tsache, timiyala anatola ndi manja. Kunabwera ana khumi ndi mmodzi, anyamata ndi atsikana omwe.

Mwezi wathunthu sanawalole kukhudza chibonga. Ankati kumenya aliyense amafuna, koma mpira uno amaudziwa ndi wogwira. Mawu ake ndinawaloweza ndili pa tebulo langa chifukwa anali omwewomwewo tsiku lililonse. Mpira ukamabwera chogubuduka, pindani mawondo, matako atsike, golovesi likhudze dothi, dzanja linalo likhale pamwamba kuti litsekere, monga mugwirira nkhuku m'khola. Musaudikire, pitani mukakumane nawo. Miyendo iyambe kufika, manja abwere pambuyo. Ukakhala wam'mwamba, wofuna kuugwira anene mokweza kuti ndi wake, kuti awiri asagundane mitu. Ankawaika awiriawiri kuti aziponyerana, iye n'kumazungulira, kuwongola chigongono apa, kutsitsa msana apo. Moleza mtima ngati choncho sindinamuonepo ndi munthu wamkulu.

Mwa ana amenewa munali Shifa, wa zaka khumi ndi ziwiri, mwana wa a Ukasha amene ali ndi sitolo ya nsalu m'tauni. Kamtsikana kowonda, kampango kumutu, kosayankhulayankhula. Koma mpira ukachoka m'manja mwa mnzake, iye amakhala wafika kale pamene ukagwere. Wogubuduka, wodumpha pa chulu, wam'mwamba, onse ankathera m'golovesi mwake. Sabata yachitatu Andireya anabwera pa tebulo langa akumwetulira, chinthu chimene sachita wamba.

"Asuweni, mwamuona mwana uja?" anatero. "Mundipatse miyezi itatu chabe. Ameneyo tizaponyerana."

Anadya zitumbuwa ziwiri osadandaula za mafuta.

Tsono vuto linali ili. Golovesi limavalidwa kumanzere kuti dzanja lamanja likhale loponyera. Koma tonsefe tinaleredwa kuti chinthu chochokera kwa wamkulu sulandira ndi manzere, ndipo kwa a Ukasha, poti ndi Asilamu, lamulolo n'lolimba kuposa kwathu. Ana aja akamaponyerana okhaokha zonse zinkayenda. Andireya akangotenga mpira kuti aponye yekha, manja amanzere ankatsika, amanja n'kutuluka opanda kanthu, maso n'kugwa pansi. Mpira unkawagunda pachifuwa kapena kudutsa. Pobweza sankamuponyeranso, ankaugubuduza pang'onopang'ono mpaka pamapazi ake, chifukwa wamkulu sumuponyera chinthu ngati ukudyetsa galu.

Ine ndinaziona msanga. Iye ankaganiza kuti ana akuopa mkono wake, ndiye ankaponya mofewa, kenaka mofewa kwambiri. Sindinamuuze. Ndinkafuna ndione ngati katswiriyo azindikire yekha, ndipo kunena zoona zinkandisangalatsa kuona munthu wodziwa malamulo a ku Japan ataiwala a kwawo.

Lachiwiri lina anamuimika Shifa patali ndithu. Poti ankamukhulupirira, anaponya mwamphamvu, monga amaponyera anthu odziwa. Miyendo ya mwanayo inachita zonse zimene anaphunzitsidwa, inafika pamalo ake nthawi yabwino. Koma golovesi linatsika, dzanja lamanja n'kupita kutsogolo. Mpira unamenya chala chapakati, chinapindikira kumbuyo n'kutupa nthawi yomweyo. Shifa sanalire. Anafumbata dzanjalo pachifuwa n'kunena kuti, "Pepani aKochi." Andireya anamukweza pa njinga kupita naye ku chipatala, nkhope itachita phulusa.

Lachinayi lake a Ukasha anafika pamtengo wa mango paja. Ndi bambo wodekha, wa ndevu zoyamba imvi. Andireya anapukuta girisi m'manja n'kuwapatsa kampando. Ine ndinasiya poto pamoto n'kusendera.

"AKochi, sindinabwere kudzakangana," anatero a Ukasha. "Chala chipola. Nifuna chabe kudziwa kuti mwana wanga mumamuphunzitsa kulandira ndi dzanja liti."

"Lamanzere, bambo. Ndi mmene masewerowa alili."

"Kwa anzake alandire mmene afunira, ine nilibe nazo kanthu. Koma inu ndinu wamkulu."

Ndinaona nkhope ya Andireya ikusintha. M'pamene anazindikira, patatha masabata onse aja. Kenaka anati, "Mutamuuza inu kuti pabwalo pano palibe mlandu, angamve."

A Ukasha anapukusa mutu. "Kumuuza ningamuuze, koma sinizamuuza. Amayi ake agwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri pa dzanja limenelo. Mawa agogo ake akamupatsa kapu ya madzi, dzanja lizadziwa bwanji kuti pano si pabwalo?"

Anatsanzika mwaulemu. Mwana sanamuletse kubwera.

Andireya sanagonje msanga. Mwa magolovesi asanu ndi awiri aja munali limodzi la anthu amanzere, lovala kumanja. Chala chitapola anamuveka Shifa limenelo, n'kubwerera m'mbuyo mapazi makumi awiri. Anaponya. Mwanayo anagwira maso ali pa mpira, ndipo kulira kwa chikopa kunamveka mpaka pa tebulo langa. Andireya anatambasula golovesi lake pachifuwa kudikira. Ndikukumbukira mmene anaimira, mawondo atapinda pang'ono, bambo wa zaka pafupifupi makumi anayi.

Shifa anayang'ana mpira, anayang'ana aKochi. Anavula golovesi, anayenda mtunda wonsewo, ananyonyomala pamaso pawo n'kupereka mpirawo ndi manja awiri. Ana anaseka. Ine ndinaseka mpaka misozi, mafuta pang'ono kutayika. Andireya anavula lakenso golovesi, analandira ndi manja awiri, n'kunena zikomo.

Lachiwiri lotsatira anaitana Lawrence, mnyamata wamtali wa giledi seveni, n'kumupatsa mpira. "Kuyambira lero iwe ndiwe uziponya, ine nizingoyang'ana," anatero. Anatuluka m'bwalo n'kukaima pafupi ndi chulu.

Kuyambira pamenepo ana aja anayamba kugwira ngati anabadwa nazo. Pasanathe miyezi iwiri ankaponyerana mwamphamvu moti ndinasuntha tebulo langa kuopa kuswetsa botolo la mafuta. Shifa, yemwe mawu ake sankamveka, ankakuwa kuti "Wanga" mpaka a mpira wamiyendo kutembenuka. Ana ena anabwera kudzalembetsa, magolovesi anachepa, ankachita kubwerekana. Aphunzitsi aakulu anatuluka mu ofesi kudzaonerera, n'kumugwira chanza Andireya. Ntchito imene mlendo uja anamusiyira anaikwanitsa, ndipo anaikwanitsa chifukwa anachokamo. Ankaima pambali, golovesi lake litapanidwa m'khwapa, n'kumanena zomwe zija: mawondo, golovesi pansi, pita ukakumane nawo. Mpira ukasochera kufika kumene waima, mwana ankathamanga kudzautola iye asanawerame, kuti aKochi asavutike. Zinkandimvetsa chisoni, koma chisoni si chinthu chimene ine ndi Andireya tinazolowera kuuzana.

Lachinayi lina ana atabalalika, dzuwa lidakali pamwamba pa madenga, anabwera pa tebulo langa ndi magolovesi awiri. Panali Grace wogulitsa tomato ndi amayi ena atatu, tikucheza.

"Asuweni, tavalani ili," anatero, akunditambasulira limodzi.

"Nichite nalo chiyani? Niziphulira poto?"

"Maulendo khumi chabe, kenaka nikusiyani. Inu simundiopa. Chibadwire simunandilandirepo chinthu ndi manja awiri."

Zinali zoona, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti waganizira zimenezi masiku ambiri asanabwere. Mu Chipata monse munthu woti n'kulandira mpira wake ndi manzere, n'kumugenda nawo mpirawo osaona vuto, ndinali ine. Koma amayi aja anali akundiyang'ana, pakamwa pawo patayamba kale kumwetulira, ndipo kamwa langa limathamanga kuposa mutu.

"Ana akukanani, manje mwabwera kwa nkhalamba?" ndinatero. "Pitani mukakwatire, mkazi wanu azikakugwirirani."

Amayi aja anaseka mpaka kugwirana mapewa. Andireya anasekanso nawo pang'ono, ndipo chimenecho ndiye chimandiwawa mpaka lero. Ndinkadziwa bwino chimene chinathetsa ukwati wake, ndipo ndinasankha pomwepo kuti ndibaye. Anabweza magolovesi m'chikwama, anachimangirira pa kaliyala ndi chubu, anatsanzika amayi aja mmodzimmodzi, n'kumapita akukankha njinga.

Lachiwiri lake ndinabwera ndi nsapato zothamangira za mwana wanga wamkazi, ndinaziika pansi pa tebulo kuseri kwa chidebe cha madzi. Ndinawanamiza amayi aja kuti ndikufuna kuzipititsa kosoketsa. Andireya anaphunzitsa ana ake, atamaliza anadzagula chitumbuwa chimodzi, tinanyozana pang'ono za mafuta monga mwa masiku onse. Sanandipemphenso, ndipo ine sindinamuonetse nsapatozo. Tsopano yapita miyezi isanu, Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse ndimazinyamula popita, ndimazinyamulanso pobwerera.