Nyenyezi ya a Masana

Pageti la fakitale ya ndowa panali alonda awiri, koma mpando umodzi. Anthu ankangowatchula a Masana ndi a Usiku, ndipo anali pachilamu. Wotchi analibe, choncho anapangana kuti azisinthana ntchito nyenyezi yoyamba ikaoneka.

A Masana anali bambo wofatsa, wa nsapato zonyezimira, ndipo chimwalirireni akazi awo ankakhala okha. Chaka china maso awo anayamba kuona nyenyezi kunja kukali koyera. Chifukwa chake chinali mayi atelala a kutsidya kwa msewu, omwe ankatseka shopu dzuwa likangolowa. A Masana ankalakalaka atawanyamulirako chikwama mpaka pokwerera basi, koma akamaweruka ankapeza loko ali lende pachitseko.

Kumadzulo kukangofiira, iwo maso kumwamba.

"Iyo, alamu! Pamwamba pa thanki ya madzi!"

"Ndege imeneyo," ankatero a Usiku. "Nyenyezi ili ndi injini?"

"Nanga iyo?"

"Babu la pamlongoti. Dzulo munaloza lomwelo."

Tsiku lina analoza chiphaniphani, a Usiku n'kuseka mpaka chibonga chinawapulumuka.

Madzulo ena ali mkati mokangana, chitseko cha shopu chinamveka kutsekedwa. Koma mayi aja sanalowere kokwerera basi, anawoloka msewu.

"Bambo, tsiku ndi tsiku ndimakuonani mukuloza kumwamba. Munatayako chiyani?"

A Masana anadzambatuka, napukuta mpando ndi chipewa, mayi aja n'kukhala. Anayamba kuwafotokozera mmene thambo limasinthira, kufiira kaye, kenaka kutuwa ngati phulusa, kenaka kuderako. Ali chilankhulire, nyenyezi yeniyeni inatulukira pamwamba pa thanki. Inabwera ina, ndi inanso.

"Alamu, yatuluka," anatero a Usiku. "Bweretsani makiyi ndi mpando wanga, kazipitani."

"Ili kuti? Sindikuona kanthu ine."

"Thambo lonse lili waliwali, munthu wamkulu inu!"

"Ndege zimenezo."

Mayi atelala anayang'ana kumwamba mwachifatse, nakonza mpango kumutu.

"Ndegedi," anatero. "Lero zachuluka bwanji."

A Usiku anatsamira geti, akung'ung'udza, mpaka miyendo inachita dzanzi. Pamene awiriwo ananyamuka, chikwama chinali paphewa la a Masana.

Kuyambira tsikulo a Usiku amabwera kuntchito ndi kampando kawokawo.