Mlongo Wanga Adandipeza mu Fomu 4

Mayeso a Fomu 4 ndidakhoza ulendo woyamba womwe, koma bambo anga sadasekerere. Adandifunsa funso limodzi lokha: "Mapointi amenewa angakulowetse ku yunivesite?" Ndidayankha kuti ayi, achuluka. Adagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye kuti sunamalize. Ukabwereza."

Kwathu ndi kumapiri, kumalire a Dowa ndi Ntchisi. Bambo anali mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo. Iwo sukulu adalekera Sitandade 8 atate awo atamwalira, ndipo nkhaniyi idawakhala pamtima moyo wawo wonse. Tili ang'ono ankabwera kusukulu osaitanidwa, kudzafunsa aphunzitsi mmene tikuchitira. Nyale ya sola adagula pakhomo pasanakhale wailesi. Kutchalitchi akafuna kutchula kholo losamala za maphunziro a ana ankatchula iwo, ndipo sankanama.

Koma ine mtima wanga unali kwina. Malume anali ndi malo owotcherera zitsulo pa Mponela, ndipo patchuthi ndinkapita kukawathandiza. Adali atandiuza kuti ndikangomaliza sukulu ndibwere andiphunzitse ntchito. Nditawanong'oneza mayi, adati, "Ukawauze wekha bambo ako." Ndidawapeza m'chigafa akusoka fodya. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, manja osaleka ntchito.

"Zitsulozo zidzakudikira," adatero. "Ine ndikadali ndi mphamvu, mwana wanga sakapsa maso ndi moto wa malume ake."

Adaika lamulo loti ndisagwirenso khasu. Kachipinda komwe tinkasungamo feteleza adakasesa, n'kuikamo tebulo ndi mpando. Ndikachoka kusukulu ndinkalowa mmenemo. Zenera lake lidayang'ana kumunda, pamtsetse wa phiri, choncho ndikadzutsa mutu ndinkaona mayi atawerama akupalira mizere yomwe kale inali yanga. Bukhu la masamu lili chitsegukire, ine maso ali pa msana wawo. Akadakhala kuti bambo ankandimenya kapena kundinyoza, mwina ndikadathawa. Koma dzira lokazinga linkabwera kwa ine ndekha, sopo wabwino ankapatsa ine. Munthu wokuchitira zotere umamuthawa bwanji?

Tsiku lina masana kudagwa mvula yamphepo, udzu wapadenga la chigafa n'kuyamba kuuluka. Ndidatuluka chothamanga, n'kuyamba kutsitsa fodya kuti asanyowe. Bambo atandiona adakuwa mvula ili pakati, "Iwe! Wabwera kudzatani kuno?"

"Ndikuthandizeni, fodya akuonongeka!"

"Aonongeke! Bwerera ku mabuku!"

Ndidabwerera, madzi akuchucha m'malaya. Ndidakhala pampando paja n'kumawaonerera bambo ndi mayi akulimbana ndi mphepo. Chaka chimenecho fodya wambiri adawola.

Zotsatira zachiwiri zidasintha pang'ono, koma masamu adakana. Bambo adati, "Waona? Watsala pang'ono. Ulendo uno ndi womaliza." Pamenepo n'kuti mlongo wanga wamng'ono atakhoza Fomu 3. Sukulu itatsegulira tidanyamukira limodzi, kukalowa kalasi imodzi.

Chaka chimenecho sindimakonda kuchikumbukira. Ndevu ndinkameta m'mawa uliwonse kuti ndifanane ndi anzanga. Anyamata a m'kalasi ankanditchula kuti akuluakulu, ndipo akamacheza zawo, ine ndikafika ankakhala chete ngati walowa mphunzitsi. Amsinkhu wanga ena anali atakwatira, wina ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ndipo akatidutsa panjira ankaliza hutala n'kufuula kuti, "Moni ana asukulu!" Mphunzitsi wa masamu, pofuna kundilimbitsa mtima, ankakonda kunena kuti, "Funso ili mkulu wathu walionapo kangapo, atithandize." Ndinkaimirira, funsolo n'kundikanika. Kenako dzanja la mlongo wanga linkakwera pang'onopang'ono, mwamanyazi, iye atayang'ana pansi.

Bambo adawonjezera mpando wachiwiri m'kachipinda muja. Mlongo wanga ankandifotokozera masamu modekha, kubwereza osatopa. Tsiku lina adatseka bukhu n'kundiyang'ana.

"Achimwene, inu zimenezi mukuzifuna?"

"Zofuna ine zikugwira ntchito pano?"

"Ndikawauze ine abambo?"

"Usayerekeze. Iwe werenga, upite. Mwina ukapita iwe andimasula."

Kuyambira tsiku limenelo adayamba kuwerenga ngati wina akumuthamangitsa, ndipo ndidazindikira kuti ndamusenzetsa katundu wanga pamwamba pa wake.

Mlongo wanga adakhoza bwino kwambiri, ndipo mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite atatuluka, lake lidalipo. Langa padalibe. Amayi a kumpingo adabwera kudzalulutira pakhomo, bambo adapha mbuzi. Ine ndinkatunga madzi ndi kunyamula mabenchi, ndipo chisangalalo changa pa mlongo wanga chinali chenicheni. Anthu atabalalika, bambo adandiitana pakhonde, mayi ali pomwepo akutsuka mbale.

"Tsopano m'kachipinda muja ukhala wekha, popanda wokusokoneza," adatero. "Ndamva kuti ku boma kuli mphunzitsi wodziwa masamu. Chaka chamawa..."

Mayi adaika mbale pansi. Sindidawamvepo akutsutsa bambo pamaso pa ana, koma tsikulo adati, "Ayi, bambo. Mwanayu wakula. Ine msana wandipweteka zaka zonsezi ndili chete poganiza kuti tikumuthandiza. Tamuyang'anani nkhope yake. Mulekeni apite kwa malume ake."

Bambo adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako adati, "Ngati amako atero, pita." Sadanene kuti avomera. Adanyamuka n'kulowera kumunda.

Ndidapita pa Mponela. Ntchito ndidaiphunzira, ndipo lero ndili ndi malo angaanga, ndimapanga zitseko, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Ndili ndi mkazi ndi ana awiri. Komabe ndikalota maloto oipa, nthawi zambiri ndimakhala ndili m'yunifolomu, pepala la mayeso lili patsogolo panga.

Bambo adatenga zaka asanaponde pamalo panga. Chaka chatha ngolo yawo idathyoka chitsulo cha pansi, ndipo adabwera nacho atachimanga panjinga. Ndidawapatsa mpando pamthunzi ndi galasi lakuda kuti aziyang'anira. Adaonerera mpaka ndidamaliza, n'kuchigwiragwira chitsulocho pomwe ndidalumikiza.

"Chagwira bwino," adatero. Mtima wanga udadumpha ngati wa mwana. Kenako adatsitsa mawu kuti ondithandiza ntchito asamve. "Ndafufuza. Akuti ku Lilongwe kuli koleji yophunzitsa zomwezi, ndipo amalandira ngakhale akuluakulu. Setifiketi yako ija ikukwanira. Ine fodya wa chaka chino ndalima wambiri."

Ndidawayang'ana manja awo, okwinyika, zala zitadetsedwa ndi utomoni wa fodya. Ndidafuna kuwauza kuti ndili bwino chonchi, kuti apumule.

"Ndiganizira, bambo," ndidatero, n'kuwamangira chitsulo chawo panjinga.