Alangizi akathamanga, mbande zimafota

Lachiwiri m'mawa ndinathamangitsa anthu a m'midzi ingapo popanda kuwauza liwu ndi limodzi lomwe. Sindikunyadira ayi. Ndikungokuuzani mmene zinakhalira.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Wimbe. Chimene ambiri simukudziwa n'chakuti ndinalembetsa mpikisano wina umene udzachitikire kunyanja mvula ikadzatha. Amautcha tirayatiloni. Umayamba ndi kusambira, ukavuuka ukwere njinga, ukatsika njinga uthamange wapansi, zonsezo osapumira. Ndinalowamo chifukwa kuchipatala anandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ndipo mimba inali itayamba kufika pamalo ine mwiniwake ndisanafike.

Kusambira ndimaphunzirira padamu la esiteti ina. Njinga sindiiopa, poti mlangizi amene njinga yake yamoto ilibe mafuta amapalasa yakapalasa, afune asafune. Vuto langa ndi kuthamanga. Ndikangotsika njinga n'kuyamba liwiro, miyendo imakhala ngati ndabwereka kwa munthu wina.

Amene amandiphunzitsa ndi a Chirwa, mphunzitsi wa masewera wa ku Mtunthama, kwawo n'kumpoto. Iwo amati kupirira ndi liwiro ndi zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi tsiku lake. Kupirira umakupeza pothamanga mtunda wautali pang'onopang'ono, mwakuti ukhoza kumacheza ndi mnzako osabanika. Liwiro umalipeza mwanjira ina: uthamange mwamphamvu kwa kanthawi, ubweze moto mpaka mtima ukhazikike, kenako uyambirenso. Atamaliza kufotokoza anandichenjeza kuti, "Pachoko pachoko, akulu. Mukafuna zonse sabata imodzi, mudzangopindula bondo lotupa basi."

Ine mwa ziwirizi ndimakonda za liwiro. Ukamathamanga mwamphamvu umaoneka ngati munthu amene akudziwa chimene akuchita. Kuthamanga kwapang'onopang'ono kuja kumandichititsa manyazi, chifukwa amayi osenza nkhuni amayenda nawe limodzi n'kumakufunsa za nyongolotsi za m'chimanga.

Lachiwiri linali tsiku la liwiro. Mvula inali itagwa bwino, kunja kunacha kowala. Msewu wopita kudepoti kumene timagulira feteleza wa makuponi ndi wowongoka, ulibe chitunda, ndipo matope sachedwa kuuma. Ndinasankha umenewo, osaganizanso china.

Koma taganizirani mmene zinaonekera kwa munthu amene ali m'munda. Chimanga chamera ndipo chayamba chikasu. Kuponi anaimanga pansonga ya chitenje kuyambira mwezi watha. Kudepoti feteleza kulibe, ndipo palibe amene akudziwa tsiku limene lole idzafike. Aliyense akukumbukira chaka chatha, pamene lole inabwera mwakachetechete, ofika masana n'kupeza matumba atatha. Ndiye munthu akuweramuka pamzere, akuona alangizi, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu, ali pa liwiro la mtondo wadooka kulunjika kudepoti.

Mukanakhala inu mukanatani?

Nditabweza moto koyamba ndinamva mapazi kumbuyo kwanga. Kucheuka, abambo awiri akunditsatira, matope ali mpaka m'mawondo. Ndinasangalala. Ndinati mumtima, eya, anthu akwathu ayamba kukonda masewera. Ndinawakwezera dzanja n'kuyambanso liwiro. Iwo anamva ngati ndikuti fulumirani, ndipo mmodzi anakuwira anzake amene anali kutsidya kwa dambo.

Pamene ndinkafika padepoti, chitseko chinali chotseka, loko ali lende, mlonda ali phee pampando kuothera dzuwa. Ndinaima kuti ndipume. Kenako anthu anayamba kufika: ena wapansi, ena panjinga atanyamuliratu malegeni omangira matumba, amayi ena ana akugwedezeka kumsana. Mlonda anaimirira mwamantha, akuganiza kuti tabwera kudzathyola.

Woyamba kundiyankhula anali Mayi Nabanda, mayi wamasiye wa m'mudzi wa kuseri kwa dambo, amene amalima chimanga ndi kachigawo kakang'ono ka fodya wa bale. Anali atagwira m'chiuno, ali wefuwefu.

"Alangizi, wafika?"

"Ndani, mayi?"

"Feteleza."

Ndinayang'ana loko uja, ndinayang'ana khamu la anthu.

"Ayi mayi. Ine ndimangothamanga."

"Mumathamangira chiyani?"

"Masewera chabe. Zolimbitsa thupi."

Kenako wina anaphulika kuseka, ena n'kuyamba kung'ung'udza. Bambo wina, amene anabwera ndi khasu lake paphewa, anandifunsa mosabisa mawu: "Kodi bwana, kuofesi kwanu amakulipirani kuti muzisewera ndi anthu?" Ndinapepesa mmene ndikanathera. Kupepesa utavala kabudula wamfupi pamaso pa anthu okwiya si chinthu chapafupi.

Mayi Nabanda sanaseke, ndiponso sanakalipe. Anangokweza maso kuyang'ana pamene dzuwa linafika, n'kunena chapansipansi kuti, "Mayo ine, mbande zanga."

Ataona kuti mvula yagwa, iwo analawirira kunazale n'kuzula mbande zawo zonse za fodya kuti awokere nthaka ikadali yonyowa. Anaziika m'mabeseni m'mphepete mwa munda. Anali atangowokera mizere yochepa pamene anamva mfuu yoti alangizi akuthamangira kudepoti. Anasiya zonse poyera, osaphimba n'komwe.

Amene simunalimepo fodya, mvetsani izi. Mbande ikazulidwa imafuna kulowa m'nthaka msanga, apo ayi ikhale pamthunzi, yophimbidwa ndi chonyowa. Ikakhala padzuwa la kuno ku Kasungu mizu ili pamtunda, imafa ukuiona. Nazale ya Mayi Nabanda inali imodzi yokha. Anaithirira ndi kheni kuyambira nthawi ya chilimwe, madzi otunga pachitsime cha kudambo, ndipo munalibenso zina zoti akazule. Kafodya kameneko ndi kamene kamasunga mwana wawo kusekondale. Zonsezi ndimazidziwa bwino, chifukwa amene amaphunzitsa alimi za kasamalidwe ka mbande m'dera lino ndine.

Padepoti panali wakabaza mmodzi yekha amene analibe wokwera. Ndinawakweza mayiwo, ine ndikuti ndizitsatira wapansi.

Apa m'pamene ndinawamvetsa a Chirwa. Mphamvu zonse ndinali nditazithera pa liwiro lodzionetsera lija. Tsopano pamene panali chifukwa chenicheni chothamangira, miyendo inakana. Ndinayesa kukakamiza, m'nthiti munandibaya, m'maso munachita mdima. Ndinabweza moto n'kuyamba kathamangidwe kaja kamene ndimakanyoza, kofupikitsa mapazi, kupuma modekha, osayang'ana kutali. Kameneko n'kamene kanandifikitsa kumunda osagwa panjira. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo ine ndinazimvera m'nthiti.

Ndinapeza Mayi Nabanda atagwada pa mabeseni awo. Mbande za pamwamba zinali zitalefuka ngati ndiwo zofutsa. Za pansi, zimene zinatetezedwa ndi zinzake, zinali zikadali ndi moyo. Tinazinyamulira pansi pa mtengo wa mango, tinaziwaza madzi n'kuziphimba ndi masaka onyowa. Dzuwa litapendeka tinayamba kuwokera, iwo mzere wawo, ine wanga, mpaka zamoyo zonse zinalowa m'nthaka. Zinathera pakati pa munda.

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikuganiza. Mnzanga wina wa kuofesi, nditamuuza, anaseka n'kunena kuti anthu akumudzi ndi otengeka. Ine ndikukana. Kwathu kuno munthu wamkulu sathamanga chabe. Akathamanga ndiye kuti kwalowa wakuba, chigafa chikupsa, galu wachiwewe wadutsa, kapena wina wadwala mwakayakaya. Liwiro la munthu wamkulu ndi uthenga, ndipo wouona n'kukhala chete timamutcha wouma mtima. Anthu aja anawerenga bwino zimene anaona. Amene ndinabweretsa chachilendo ndine, ndi masewera anga a m'tauni, kumene munthu amathamanga atatseka makutu ndi nyimbo ndipo palibe amamucheukira.

Funso langa lili pena. N'chifukwa chiyani mlimi amene ali ndi kuponi yake m'manja ayenera kudziwa za kubwera kwa feteleza poyang'ana miyendo ya alangizi?

Taonani mmene timalengezera zinthu zina. Kukakhala mpira wa pakati pa midzi iwiri, mwana aliyense amadziwa tsiku ndi bwalo. Kukakhala chinkhoswe, uthenga umafika ngakhale kwa amene sanaitanidwe. Wandale akafuna kuchititsa msonkhano, galimoto ya zimkuzamawu imazungulira mpaka agalu kusasa mawu. Koma tsiku limene lole ya feteleza idzafike, chinthu chimene chikhudza chakudya cha chaka chonse, limakhala ngati chinsinsi cha kudambwe. Alimi amangodalira fumbi limene aliona patali, mphekesera za pachigayo, ndi zimene wamva wakabaza.

Zotsatira zake mumazidziwa. Anthu amakakhala padepoti tsiku lonse kudikira chinthu chimene mwina sichinanyamuke n'komwe kumene chikuchokera. Masiku amenewo ndi omwewo amene udzu ukukula m'chimanga, amenenso fodya akufuna kuwokera. Wokhala pafupi ndi msewu, kapena amene ali ndi mbale wake wodziwa zinthu, amagula. Wa kuseri kwa dambo amamva mochedwa. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma pa liwiro ili ena amayambira pakhomo pa depoti, ena kumunda ali ndi mwana kumsana.

Sindikupempha zovuta. Mafoni alipo. Matchalitchi amadzaza Lamulungu lililonse. Kodi chingalephereke n'chiyani kunena kuti lole ibwera tsiku lakuti, ndipo midzi yakuti igula tsiku lakuti? Ngati lole yachedwa, kunenanso kuti yachedwa, anthu apite kumunda ndi mtima umodzi?

Mwina mukufunsa ngati ndasiya kuthamanga. Ayi, sindinasiye, ndipo sindisiya. Magazi anga sakudziwa za makuponi. Chimene ndasintha ndi malo. Za liwiro ndikuchitira pabwalo la mpira la pasukulu, kuzungulirazungulira pomwepo, kuti aliyense aone kuti bamboyu sakupita kulikonse. Mtunda wautali ndikuthamanga pang'onopang'ono, kulowera kosiyana ndi kudepoti, ndipo wondipatsa moni ndikumuyankha. A Chirwa atamva nkhaniyi anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anati, "Mwaona, akulu? Mukanayamba ndi chapang'onopang'ono, akanakupezani panjira n'kukufunsani, nkhani ikanathera pomwepo." Sananame.

Ndinapemphanso mkulu wa mpingo wina kuti alengeze pa mapemphero a pakati pa sabata. Analengezadi, ngakhale anaonjezera zake: "Abale, mukaona alangizi akuthamanga musawatsatire. Akuti n'za matenda awo." Tsopano theka la dera lino likundiyang'ana mwachifundo, koma zimenezo ndapirira.

Lachisanu ndinadzera kumunda kwa Mayi Nabanda. Ndinawatengera mbande zimene ndinapempha kwa mlimi wina, zotsalira pa nazale yake, zotalika mopitirira ndiponso zosakwanira. Tinaziwokera. Chigawo cha kumtunda chadzuka bwino ndithu. Cha kumunsi chikadali mizere yopanda kanthu, ndipo chaka chino chikhala choncho. Chimanga chawo, cha tsidya lina la kanjira, chikunka chiwonjezera chikasu.

Ndikutsanzika, mayiwo anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanandisungire mkwiyo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

"Alangizi, za masewera anuwo ife tamva," anatero. "Muzithamanga, thupi ndi lanu. Koma ndifunseko. Poti tsopano mukadutsa ndi liwiro ine sindidzaweramukanso, tsiku limene feteleza adzafikedi ndidzadziwa bwanji?"

Zoona zake n'zakuti ine amene amanditcha alangizi, tsiku la lole ndimalimvanso kwa akabaza.

Ndiye funso la Mayi Nabanda ndikulipereka kwa inu akuluakulu amene mumadziwa tsiku limene lole inyamuke. Mayiyu wataya kale theka la fodya wake chifukwa chothamangira feteleza amene kunalibe. Kodi ataye ndi chimanga chomwe chifukwa chokhala m'munda tsiku limene feteleza wafika?