Belu la Che Alaudin

Che Alaudin anabwerera ku Domasi mu 1967 kuchokera ku Rhodesia, komwe ankakonza mawaya a zizindikiro za sitima. Anzawo ankabwerako ndi njinga ndi magalamafoni, koma iwo anabwera ndi katoni ya maswichi ndi pakamwa posatopa. Ukapita ndi wailesi yakufa ku kashopu kawo, unkalandira phunziro losapempha. Ankati maswichi awiri ukawaika pamzere umodzi, babu limadikira onse awiri kuti liyake. Ukapatsa swichi iliyonse njira yake, imodzi yokha ikwanira. Ati tsiku lina makina adzachita masamu ndi nzeru zomwezo. Anthu ankangowaseka.

Nzeruzo zinapeza ntchito akazi awo, a Mwanahamisi, atayamba kusokonekera mutu n'kumasochera. Kuti asadzafike kumtsinje okha, Che Alaudin anaika swichi pachitseko cha nyumba, ina pageti la mpanda, waya n'kukafika pa belu kushopu. Chilichonse chikatseguka, belu linkalira, bambo aja liwiro.

Koma pakhomo pawo panali ngati pamsika: wopala moto, wopempha mchere, mbuzi yokankha geti. Belu silinkapuma, ndipo akuluakulu anayamba kuwanena kuti asanduka kapolo wa kachitsulo. Miyendo itatopa, anasintha mawaya kuti belu lizilira pokhapokha chitseko ndi geti zikakhala zotseguka nthawi imodzi. Anandifotokozera monyadira kuti munthu wodwala mutu akamatuluka amasiya zonse pululu.

Masamu anali bwino, koma anaiwala mayi amene anamukwatira. A Mwanahamisi anali ataiwala mayina a ana awo, koma dzanja lawo silinaiwale nkhuku zolowa m'nyumba. Masana ena a dzinja la 1972 anatuluka, n'kutseka chitseko bwinobwino, n'kutsegula geti. Belu linangoti zii, mwamuna wawo akukonza wailesi ya munthu. Anthu anakawapeza atamwalira m'munsi mwa minda ya mpunga, mtsinje wa Domasi utawasiya pabango.

Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa sindinaonepo mwamuna wosamala mkazi ngati iwo. Shopu anaitseka, phunziro lija silinamvekenso. Mawaya sanachotse. Nditawafunsa chifukwa chake patapita chaka, anagwira chitseko chija nati:

"Belu silinalakwe, achimwene. Linachita zomwe ndinaliuza. Ine ndi amene ndinaiwala kuti mayi aja sanasiyepo chitseko chosatseka."