Gawo la Mlovi pa Digiri ya Kompyuta

Ananditengera njinga. Inali yakuda, ya kaliyala yowotcherera, ndipo ndi imene ndinkanyamulira usipa wouma kuchoka kwathu ku Lifuwu kukagulitsa ku boma la Salima. Anaitenga ndi amalume anga, alongo awo a mayi. Sanachite kuba. Anabwera dzuwa likuswa mtengo, anaikankha kuichotsa pakhonde mayi akuona, n'kunena kuti ikukagwira ntchito ya banja.

Ndinali nditasiyira sukulu Folomu 3 chifukwa cha fizi. Matipati ambiri anali atangobwera kumene, pulayimale inali itasanduka yaulere, koma ife a kusekondale ufuluwo unatilambalala. Timakobidi ta usipa ndinkasunga kuti ndibwerere m'kalasi. Palibe china chimene ndinkafuna. Njinga itapita, timakobidito tinathera ku ufa.

Anayambitsa zonsezi ndi aphunzitsi ena a masamu amene boma linawatumiza kwathu kuchokera ku Ntcheu. Anali munthu woonda, wovala tayi ngakhale mu Okutobala, ndipo nyanja ankadana nayo. Masiku amenewo nyuzipepala zinangoti mbwee, aliyense wokwiya ankatsegula yake, ndipo kumasamba akumapeto kunkakhala zotsatsa za sukulu zakunja zophunzitsa kudzera m'makalata. Aphunzitsiwo anamva kuti mabungwe amene anafika ndi demokalase ku Lilongwe akusaka anthu odziwa kompyuta. Anatsimikiza mtima kuti apeze digiri ya masitazi, ya kompyuta, yophunzira ali pakhomo, yotchipa.

Analembera sukulu zingapo. Ya ku Mangalande inatumiza kabuku konyezimira, koma mtengo wake ukanagula boti ndi injini yomwe. Ya ku Joni inafuna digiri yoyamba, pamene iwo anali ndi dipuloma chabe. Ina sinayankhe n'komwe. Yomaliza inali ndi bokosi la positi lokha, pachilumba china chimene tinachifufuza pamapu a kusukulu osachipeza. Imeneyo sinafunse za digiri kapena dipuloma. Inafuna chithunzi ndi ndalama, zolipira pang'onopang'ono.

Ngakhale yotchipayo, malipiro a mphunzitsi sakanaikwanitsa. Ndiye anabwera kwa amalume, ine ndili pomwepo ndikuyanika usipa pathandala.

Amalume anali ndi chilimira, ukonde waukulu wa usipa ndi utaka, ndipo chilichonse cha padziko ankachimva kudzera mu ukondewo. Ukwati unali chilimira. Chipani chinali chilimira. Anamvetsera aphunzitsi akufotokoza, kwinaku akusoka ukonde, kenaka anafunsa:

"Ndiye chinthucho mukachiponya, chimagwira chiyani?"

"Ntchito, bambo. Malipiro a mwezi umodzi kuposa anga a chaka."

"Mwezi ndi mwezi?"

"Mwezi ndi mwezi."

"Sichiwola?"

"Ndi pepala, bambo. Mukalisunga bwino limakusiyani ndinu."

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Walahi, ukonde wosawola! Aphunzitsi, khalani pansi bwinobwino."

Kugombe kwathu zinthu zimagawidwa chonchi. Nsomba zikagulitsidwa, mumayamba mwachotsa za mafuta a injini ndi palafini wa nyali. Zotsalazo, theka ndi la mwini ukonde, theka linalo ndi la ogwira ntchito. Siginala, amene amatsogola ndi nyali kukopa nsomba, amalandira magawo awiri, pamene mlovi wokoka chingwe amalandira limodzi. Amalume sanaone chifukwa chosinthira lamulo limeneli. Iwo akhala mwini digiri, chifukwa alipira. Aphunzitsi akhala siginala, chifukwa dzina ndi chithunzi ndi zawo. Mlovi ndikhala ine. Ndalama za amalume zinali zitathera pa injini, n'chifukwa chake chigawo choyamba cha fizi ya sukuluyo chinalipiridwa ndi njinga yanga, koma inalowa m'dzina lawo.

Sindine munthu wosunga mawu m'mimba. Ndinati, "Amalume, ngati sukuluyo sikufuna satifiketi, bwanji osalemba dzina langa? Njingayo ndi yanga."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Iwe, unadziona? Nsomba zimabwera panyali. Ndiwe nyali iwe?"

"Ndalama ya njingayo ikanandilipirira Folomu 3."

"Folomu 3 ndi mbedza, mphwanga. Ife tikukamba za chilimira. Ukalandira gawo lako udzalipira fizi ya kalasi yonse, ndi ahedi omwe udzawalemba ganyu."

Ndinavomera chifukwa njinga inali itapita kale, ndipo gawolo ndilo linali njira yokhayo yobwererera kusukulu.

Ntchito ya mlovi inali iyi. Maphunziro ankafikira kupositi ya ku boma, ndipo wokatenga ndinali ine, wapansi kapena wopempha matola, munthu amene kale ndinali ndi njinga. Munkakhala timabuku ndi mafunso. Aphunzitsi ankati atanganidwa ndi kuchonga za ana, choncho ankangondisonyeza ndi chala ndime zofanana ndi funso, ine n'kukopera ndi dzanja langa. Iwo ankasaina pansi. Sindinkamva chilichonse. Iwonso ndikukayika.

Kompyuta tinalibe. Imene tinkaidziwa inali mu ofesi ina ku boma, yofunditsidwa nsalu yoluka. Tinapita kukaiona. Mesenjala anatiuza kuti tivule nsapato, kenaka anasintha maganizo n'kutilola kuionera pawindo. Anakweza nsalu pang'ono, ife tinasuzumira, anatsitsa. Aphunzitsi anabwerera akunena kuti aona zokwanira.

Kunyumba anatenga katoni ya sopo, anajambulapo mabatani onse ndi makala, zilembo ndi manambala, monga zinalili m'kabuku. Anati ndiziyeserera kugogoda pamenepo m'mawa uliwonse. Ndinafunsa kuti ngati digiri ndi yawo, zala zanga zikuphunziriranji. Anati siginala sakoka chingwe. Amalume ankabwera kudzayendera ukonde wawo. Ankaima kumbuyo kwanga, manja ali m'chiuno.

"Ukuisisita kapena ukugwira ntchito? Menya imveke!"

Ndinkamenya. Ana odutsa ankafunsa ngati ndayamba gule. Mbuzi ya oyandikana nafe itadya mbali ya manambala, maphunziro anaima mpaka wagolosale atatsegula sopo wina.

Nthawi yomweyo kwacha inali kugwa. Sukulu yotchipa ija inkafuna madola, ndiye chigawo chilichonse chinkabwera chitanenepa kuposa chinzake. Aphunzitsi ankawerenga kalatayo thukuta lili kamukamu. Amalume sankadandaula. Ankati ukonde ukang'ambika umasokedwa, ndipo zimene anapeza pa usodzi wa kuchilumba cha Mbenji chaka chimenecho anazitumiza kuchilumba chosaoneka pamapu chija.

Mayankho athu onse ankabwera atachongedwa bwino kwambiri. Zinandikwiyitsa. Tsiku lina funso linali lalitali, la momwe makompyuta amalumikizirana, ndipo kunja kunkatentha. Ndinalemba m'Chichewa momwe timaokera mpunga kusikimu, kuyambira kunazale mpaka kupalira. Malo atatsala, ndinawonjezera zimene ndimaganiza za amalume anga. Aphunzitsi anasaina osawerenga. Pepalalo linabwera litapatsidwa malikisi apamwamba kuposa onse, ndi mawu ofiira oyamikira kuganiza mozama.

Ndinawaitana onse awiri n'kuwawerengera mokweza, kupatula za amalume zija. Ndinati, "Kulibe sukulu kumeneko. Kuli munthu mmodzi ndi cholembera chofiira. Tiyeni tileke, zotsalazo mundipatse ndikalipire fizi."

Aphunzitsi anakonza tayi. "Mnyamata iwe, usamaseweretse dzina langa."

Amalume anasangalala kwabasi. "Mwamva, aphunzitsi? Ukonde wabwino umagwira ngakhale mlovi ali chitsiru. Iwe, pitiriza."

Ndinapitiriza.

Satifiketi inabwera itakulungidwa, ili ndi chidindo chagolide chachikulu ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Amalume anaiyeza ndi chikhatho, anainunkhiza, anati pepala lake ndi lolimba. Anafuna kuti izigona kwawo, popeza ukonde umagona kwa mwini wake. Aphunzitsi anati ukonde wogona kumtunda sugwira kanthu, ndipo amalume anavomereza kuti n'zoona. Aphunzitsi anasiya choko n'kukwera basi ya ku Lilongwe.

Ine ndinkadziwa kuti akawaseka. Sanawaseke. Bungwe lina linawalemba ntchito. Ndikuganiza kuti owalembawo nawonso kompyuta ankaionera pawindo.

Ndisawanamizire, atalandira malipiro oyamba anabweradi. Anatsika matola atavala suti, ndipo tinakhala pansi pa mtengo kugombe, m'mawa, alovi a amalume atatizungulira ngati mboni. Aphunzitsi anatchula malipirowo, anthu anagwira pakamwa. Ndinayamba kuganiza za yunifolomu, ngati ingandikwanebe.

"Tiyambe ndi mafuta," anatero amalume.

Aphunzitsi anayamba. Basi yopita. Nyumba ya lendi ku Lilongwe. Chakudya. Nsapato. Suti. Felemu ya satifiketi. Basi yobwera kudzagawa. Basi yobwerera akamaliza kugawa. Amalume ankangogwedeza mutu.

Ndinaimirira. "Suti si mafuta."

"Khala pansi," anatero amalume. "Nyali imayaka yopanda palafini?"

"Ndiye nane mundichotsere za mapazi anga. Ndayenda wapansi kupita ku boma mpaka zidendene kung'aluka."

Mlovi wina wachikulire anayankha kumbuyo, "Aise, unamva kuti mlovi amalipiritsa manja ake? Manja ndiwo gawo lakolo." Onse anaseka.

Mafuta atachotsedwa panatsala K270. Theka linapita kwa mwini digiri. Patheka linalo siginala anatenga magawo awiri. Langa linali limodzi, ndipo silikanakwana ngakhale fizi ya temu imodzi ndi makope. Komabe ndinatambasula dzanja, chifukwa mwezi wotsatira suti sikanagulidwanso.

Aphunzitsi anatulutsa K200 yatsopano. Amalume anailandira, nati chenji adzawerengerana pakugawa kotsatira. Kenaka aphunzitsi anatulutsa ina, anaigwira m'mwamba n'kundiyang'ana.

"Chenji uli nayo?"

"Ndiitenga kuti?"

Anafunsa alovi. Onse anapapasa m'matumba mopusitsa. Aphunzitsi anaipinda bwinobwino n'kuibweza m'jekete. "Ndiye mwezi wamawa, mnyamata. Anthu onsewa amva."

Sanabwerenso. Patapita nthawi tinamva kuti bungwe lina lalikulu lawatenga n'kupita nawo ku Blantyre. Ndinathamangira kwa amalume ndikuyembekeza kuti atukwana. Ndinawapeza akufotokozera anzawo monyadira.

"Siginala wabwino amabedwa," anandiuza. "Zimachitika gombe lililonse. Ukaona akumulimbirana, dziwa kuti unasankha bwino."

"Nanga njinga yanga?"

"Inalowa mu ukonde. Cholowa mu ukonde sichibwerera. Ngongole ndi yokhayo imene inatchulidwa pamaso pa anthu."

Anzanga a m'kalasi analemba mayeso a Folomu 4 ine ndikukoka chingwe pachilimira cha amalume, chenichenicho. Kusukulu sindinabwerere. Za njinga ndinafunsa akuluakulu a kugombe, ndipo onse anati amalume sanalakwe. Za malipiro a miyezi yotsatira anati nsomba zimene sizinafike kumtunda sizigawidwa. Chabwino. Ndatsala ndi chimene lamulo lawo lomwelo limandipatsa, ndipo mboni zake zikadali moyo. Aphunzitsi a masamu a ku Ntcheu, kulikonse kumene akugogoda kompyuta, ali ndi K45 yanga.