Phazi la a Merv pakhomo la holo

Mayi Raewyn Coombe salankhula ndi theka la tawuni ino, ndipo theka linalo limawasirira anthu amenewo.

Anayamba kukolopa nyumba ya khonsolo nthawi imene zitsime za mafuta zinkapopa kuseri kwa doko. Tawuni yonse inkanunkha phula, ndipo nyumbayo, ndi wotchi yake yosayenda ija, inamangidwa ndi ndalama za fungo lomwelo. Loweruka amuna ankachoka kudoko n'kulowa mu holo ya m'nyumbayo kukavina osavula majombo. Matabwa a pansi anamwa mafuta mpaka kuda bii.

Pafupi ndi khomo panadindika phazi limodzi looneka bwino, lamanzere, lopotokera kunja ngati la bakha. Tonse tinkadziwa kuti ndi la a Merv, amuna awo, amene ankathira mafuta m'sitima. A Raewyn analikwecha zaka ndi zaka akulilalatira: "Merv, uve wanu wakunyumba uja sunakukwanireni?" A Merv atamwalira, kukwecha kunatha. Ankalilambalala ndi chokolopera, koma kulalata sanasiye.

Kenako zitsime zinauma, sitima zikuluzikulu zinasamukira kwina, ife n'kusankha meya watsopano, a Colin Gilchrist, mwana wa dzana amene sanagwirepo chingwe cha sitima. Akuti holo inkachititsa manyazi pamaso pa alendo. Manyazi! Anaitana amuna awiri a makina opalira matabwa.

M'mawa wa tsikulo a Raewyn anaima pa phazi lija, chokolopera chili m'manja.

"Mayi Coombe, tasunthani pang'ono," anatero a meya. "Ndi litsiro chabe limenelo."

"Litsiro ndiwe, Colin. Ndinakusinthapo matewera ine. Mpando ukunenepera pamenepowo unabwera ndi litsiro lomweli."

Tipene, mkulu wa opala aja, anaseka. "Anti, ife sitikuthamangira kulikonse. Imani mpaka Khirisimasi."

Anapala holo yonse mowazungulira, mayi ali chilili ngati mzati. Koma kuno kwathu, munthu akakugwirira ntchito mpaka dzuwa kukwera iwe osam'patsa tiyi ndi masikono, anthu amafunsa kuti anakulera ndani. Nthawi itakwana makina anazima. Amuna aja anakhala pansi, tsitsi lili mbuu ndi fumbi, osapempha kanthu. A Raewyn anayang'ana kudenga. Anayang'ana pawindo. Mnzake wa Tipene anatsokomola.

"Aliyense wokhudza pamenepa ndimuthyola zala," anatero a Raewyn, n'kulowa kukhitchini.

Tipene akulumbira mpaka lero kuti si iye anapala phazi lija, ndipo mkazi wake, amene amandikonza tsitsi, akuti anaona zonse pawindo: a meya anayatsa okha makinawo, tayi ataiponya paphewa. Ine ndikaganiza zimenezi magazi amawira. Munthu kudikira mayi wamasiye apite kukakuphikira tiyi!

A Raewyn anamva phokoso n'kuthamanga ndi thireyi, koma anapeza pakhomo pali mbee ngati mkati mwa buledi. Anayang'ana pansipo nthawi yaitali, osatukwana, ndipo zimenezi n'zimene zinaopsa onse.

Anathirira Tipene ndi mnzake tiyi, poti anali atatopa. A meya atatambasula kapu, mayi anatsitsa ketulo n'kuwathirira pa nsapato, pang'onopang'ono, mpaka dontho lomaliza. Kenako anavula epuloni n'kutuluka.

Pano amakolopa ku ofesi ya kudoko. Lamlungu akamapita kumanda amadzera msewu wakuseri, wautali ndi wokwera, kuti asaone khomo lija.